Afotokozi a Chingerezi akundisokoneza, ndithandizeni ndisanalembe mayeso

Mlimi wa ku Tsangano

Moni kwa nonse, makamaka aphunzitsi ndi ena amene munachiphunzira bwino Chingerezi. Ine ndine bambo wa ana atatu, ndimalima mbatata ya kachewere kuno ku Tsangano m'boma la Ntcheu, ndipo chaka chino ndalembetsa kuti ndilembenso mayeso a MSCE. Ndili mnyamata ndinakhoza maphunziro angapo koma Chingerezi chinandikanika, ndipo monga mukudziwa, amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza maphunziro ena onse. Papita zaka zambiri koma nkhaniyi sinachoke mumtima mwanga, n'chifukwa chake masana ndikaweruka kumunda ndimasamba n'kupita kukakhala pa desiki pamodzi ndi ana amene ena mwa iwo ndi amsinkhu wa mwana wanga woyamba.

Sabata yatha anatiuza kuti tilembe chimangirizo cha Chingerezi chofotokoza msika wa kwathu. Ndinasangalala chifukwa pamsika m'pamene ndimagulitsa mbatata yanga ndipo palibe chimene sindichidziwa, koma kope litabwerera ndinapeza ziganizo zambiri zitatsekedwa mzere wofiira kunsi, ndipo m'mphepete munalembedwa mawu amodzi okha akuti "adjectives". Tilipo ambiri m'kalasimo ndipo nthawi inali itatha, choncho sindinapeze mpata wofunsa. Zina mwa ziganizozo ndi izi, ndazikopera momwe ndinazilembera:

"We sell potatoes big and fresh."
"The bags were heavies."
"Tsangano is cold than Ntcheu town."
"I was boring because there were no customers."

Ndikudziwa kuti "adjective" ndi amene m'Chichewa timamutcha mfotokozi, mawu ofotokoza dzina, ndipo m'chilankhulo chathu sindinalakwitsepo kunena kuti mbatata yaikulu kapena matumba olemera. Chimene chikundisautsa n'chakuti ndikawerenga ziganizo zinayizi sindikuona pamene palakwika, kwa ine zikumveka bwinobwino. Mnzanga wina wandiuzanso kuti afotokozi a Chingerezi akachuluka pa dzina limodzi ali ndi ndondomeko yawo ya amene ayenera kutsogola, ndipo izi zangowonjezera mantha anga. Ndikupempha amene angathe kuti andifotokozere m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti ndimvetse gwero la vutoli m'malo mongondikonzera ziganizozo. Zikomo kwambiri.

Mphunzitsi wopuma wa ku Bembeke

Bambo a ku Tsangano, choyamba ndikuyamikireni chifukwa chobwerera kusukulu pa msinkhu wanu. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri kufikira pamene ndinapuma, ndipo ndikudziwa kuti si chinthu chapafupi kuti munthu wa banja lake akakhale pa desiki. Mwafunsa bwino pofuna gwero, chifukwa zolakwika zitatu zoyambirirazo zaphuka pa muzu umodzi. Mukumaganiza m'Chichewa, kenako n'kusintha mawu amodziamodzi kukhala a Chingerezi, koma mamangidwe a chiganizo n'kukhalabe a Chichewa. Ziganizozo zikumveka bwino kwa inu chifukwa khutu lanu likumva Chichewa chimene chabisala kunsi kwake. Palibe chochititsa manyazi pamenepa, ana ambiri amene ndinawaphunzitsa anadutsa pomwepo.

Tiyambe ndi malo a mfotokozi. M'Chichewa dzina limatsogola ndipo mfotokozi amabwera pambuyo pake, timati mbatata yaikulu, nyumba yatsopano, msewu wautali. M'Chingerezi n'zotembenuka, mfotokozi ndiye amatsogola, amati "big potatoes", "a new house", "a long road". Choncho chiganizo chanu choyamba chiyenera kukhala "We sell big fresh potatoes." Pali malo achiwiri amene mfotokozi wa Chingerezi amaloledwa kukhala, ndiwo pambuyo pa aneni monga "is", "are", "was" ndi "were", komanso "look", "feel", "smell", "taste", "seem" ndi "become". Pamenepo mukhoza kulemba kuti "The potatoes are big and fresh", kapena "The potatoes look fresh", ndipo palibe amene angakutsekereni mzere. Alipo afotokozi ochepa, monga "afraid", "asleep" ndi "alone", amene amakhala pa malo achiwiriwa pokha, kotero mumati "The child is asleep" koma simungawaike patsogolo pa dzina.

Chachiwiri ndi mgwirizano. Chichewa chathu n'chilankhulo cha magulu a mayina, ndipo mfotokozi amavala mgwirizanitsi wa dzina limene akulifotokoza. Tsinde limodzi lakuti -kulu limatuluka ngati munthu wamkulu, anthu aakulu, thumba lalikulu, mtengo waukulu, chitsa chachikulu, zitsa zazikulu. Tinazolowera kuyambira tili kumsana kuti dzina likachuluka mfotokozi nayenso asinthe, n'chifukwa chake dzanja lanu linalemba "heavies" mutaona kuti "bags" ndi ambiri. Mfotokozi wa Chingerezi salabadira kuchuluka kwa dzina ngakhale pang'ono, amati "a heavy bag", "ten heavy bags", "The bags were heavy." Ngakhale pamene mfotokozi akuimira gulu lonse la anthu, monga "the poor" ndi "the sick", kutanthauza osauka ndi odwala, salandira "s". Oloza okha ndi amene amasintha, "this" kukhala "these" ndi "that" kukhala "those". Pa mfundo iyi Chingerezi n'chopepuka kuposa Chichewa, ndipo mlendo wophunzira chilankhulo chathu ndiye amatuluka thukuta kuposa inu.

Chachitatu ndi kuyerekeza, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa m'pamene ophunzira amataya malikisi ambiri. Tikamati ku Tsangano n'kozizira kuposa ku Ntcheu, mawu akuti "kozizira" sanasinthe, ntchito yonse yoyerekeza yagwiridwa ndi "kuposa". Inu munatenga "than" kumuika m'malo mwa "kuposa" n'kuganiza kuti mwamaliza, koma m'Chingerezi "than" payekha sakwanira, mfotokozi mwiniwake ayenera kuonetsa kuti akuyerekeza: "Tsangano is colder than Ntcheu town." Afotokozi aafupi, a phatikizo limodzi, amalandira "-er" kumapeto poyerekeza zinthu ziwiri, ndipo amalandira "-est" pamene chinthu chimodzi chaposa zonse, monga "cold, colder, the coldest". Ena monga "big" ndi "hot" amabwereza lembo lomaliza, n'kukhala "bigger" ndi "hotter". A maphatikizo awiri othera ndi "y" amasintha lembolo kukhala "i", monga "heavy, heavier, the heaviest". Aatali amatsogozedwa ndi "more" ndi "most", monga "more expensive" ndi "the most expensive".

Koma pano pali msampha umene mabuku ochokera kunja saunena chifukwa eni ake sakumana nawo. Lilime lathu linazolowera kuti phatikizo lililonse lithere ndi lembo la liwu, kotero "cold" ena timamutchula ngati "kolodi", ndipo "large" ngati "laji". Mwana akawerenga maphatikizo ndi katchulidwe kotere amapeza atatu mwa "cold", n'kulemba "more cold" akudzidalira kuti watsata lamulo. M'Chingerezi "cold" ndi phatikizo limodzi, "large" nayenso ndi limodzi. Muziwerenga ndi katchulidwe ka eni chilankhulo, osati kathu. Pomaliza pali osatsata lamulo amene muyenera kungowasunga m'mutu, makamaka "good, better, best" ndi "bad, worse, worst", ndipo musaphatikize njira ziwiri pamodzi polemba "more better", ngakhale mumamva anthu ovala taye akunena choncho.

Za "boring" ndi za ndondomeko ija ndisiyira ena, chifukwa maso anga salola kuti ndikhalitse pa foni usiku.

Mayi wa ku Lizulu

Ine sindine mphunzitsi, ndimagulitsa kabichi, tomato ndi anyezi pamsika wa Lizulu m'mbali mwa msewu wa M1, koma ndinafika Fomu 4 ndipo madzulo ndimathandiza ana anga ntchito ya kusukulu. Zimene afotokoza aphunzitsi a ku Bembeke n'zoona, ine ndingowonjezera mbali ya matanthauzo, chifukwa munthu akhoza kuika mfotokozi pa malo oyenera koma n'kusankha wolakwika.

Mfotokozi mmodzi wa Chichewa amasenza matanthauzo angapo amene Chingerezi chinawagawira mawu osiyanasiyana. Mwana wanga wamkazi analembapo kuti "My father is a long man", ndipo nditamufunsa anayankha kuti bambo ake ndi aatali ndipo kutalika ndi "long". Sanalakwe kuganiza, kungoti munthu wamtali ndi "a tall man", chingwe chachitali ndi "a long rope", ndipo phiri lalitali kawirikawiri amati "a high mountain". Choncho pofuna kunena kuti phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, limaposa lathu la Dedza, mulemba kuti "Mulanje is higher than Dedza Mountain". Chimodzimodzi ndi kulemera, thumba lolemera ndi "a heavy bag" koma munthu wolemera ndi "a rich man", ndipo mukasokoneza awiriwa mukhoza kunyoza munthu osadziwa. Malaya oyera akhoza kukhala "white" kapena "clean", ndipo akuda akhoza kukhala "black" kapena "dirty". Nyama yaiwisi ndi "raw" koma mango aawisi ndi "unripe". Tsabola wowawa ndi "hot", mankhwala owawa ndi "bitter", bala lowawa ndi "painful". Ngakhale mawu athu akuti ambiri amagawika, zinthu zowerengeka ndi "many customers" pamene zosawerengeka ndi "much water".

Amene anandiphunzitsa phunziro losaiwalika ndi mawu akuti "kwambiri". Tsiku lina galimoto inaima pamsika, munatuluka mayi wachikuda wa kunja amene Chichewa sankachimva, ndipo ine pofuna kutamanda katundu wanga ndinanyamula mutu wa kabichi n'kunena kuti "These cabbages are too big." Mayiyo anagwedeza mutu kuvomereza, nauyang'ana kabichiyo, n'kupita kukagula waung'ono kwa mnzanga wa pafupi. Ndinadandaula tsiku lonse osadziwa chimene ndinalakwa, mpaka mlamu wanga atandifotokozera kuti "very big" ndi chachikulu kwambiri, koma "too big" ndi chachikulu mopitirira muyeso, chosayenera. Ndinali nditamuuza ndi pakamwa panga kuti asagule.

Chimene ndimachita ndi ana anga, Bambo, n'chakuti kumapeto kwa kope timalemba mfotokozi wa Chichewa pamwamba, ndipo kunsi kwake timalemba a Chingerezi onse, aliyense pamodzi ndi dzina limene amayenda nalo. Sitilemba "tall" payekha, timalemba "a tall tree". Mawu oloweza pamodzi ndi dzina lake sasochera msanga.

Mphunzitsi wa Chingerezi wa ku Dedza boma

Zikomo bambo anga a ku Bembeke ndi mayi a ku Lizulu, mwandipeputsira ntchito. Nditenga ziwiri zimene zatsala.

Bambo a ku Tsangano, chiganizo chanu chachinayi chilibe vuto la mamangidwe, koma chikunena zimene simunafune kunena. "I was boring" akutanthauza kuti inuyo ndi amene munkatopetsa anthu, pamene mumafuna kunena kuti munanyong'onyeka chifukwa chosowa ogula, kumene ndi "I was bored". Apa Chichewa chikhoza kukuthandizani m'malo mokusokonezani, chifukwa ifenso timasiyanitsa munthu wotopa ndi ntchito yotopetsa, munthu wodabwa ndi nkhani yodabwitsa, mlimi wokhumudwa ndi mitengo yokhumudwitsa. Mfotokozi wothera ndi "-ed" amanena za amene akumva mumtima mwake, ndiye wotopa uja, pamene wothera ndi "-ing" amanena za chimene chikuchititsa, ndicho chotopetsa chija. Choncho "tired" ndi wotopa, "tiring" ndi chotopetsa, "surprised" ndi wodabwa, "surprising" ndi chodabwitsa, "disappointed" ndi wokhumudwa, "disappointing" ndi chokhumudwitsa. Ngakhale achinyamata athu, pobwereka mawu omwewa, anasunga kusiyanaku osadziwa, pakuti amati "ndaboweka" akamanena za iwo eni, ndipo amati "akubowa" akamanena za wowatopetsa. Musanalembe, dzifunseni ngati m'Chichewa mukananena wotopa kapena wotopetsa, ndipo yankho lake lidzakusankhirani mathero oyenera.

Za ndondomeko, mnzanuyo sananame. Afotokozi akasonkhana patsogolo pa dzina limodzi amayamba ndi nambala kapena mawu monga "a" ndi "the", kenako maganizo a wolankhula, kukula, msinkhu kapena ukale, kaumbidwe, mtundu wa maonekedwe monga kufiira, dziko kapena dera kumene chinthucho chinachokera, chimene anachipangira, ndipo potsiriza ntchito yake. Popeza kuno ku Dedza timadziwika ndi zoumba, titenge mphika. Onse ataikidwa pamodzi angakhale "a beautiful small old round brown Malawian clay cooking pot". Palibe munthu amalankhula motere tsiku ndi tsiku, ndipo mu chimangirizo afotokozi awiri kapena atatu ndi okwanira. Ndaona ophunzira akuunjika afotokozi asanu pa dzina limodzi pofuna kusangalatsa wochonga, zotsatira zake n'kuonjezera malo olakwitsa.

Chimene ndimafuna ophunzira anga amvetse n'chifukwa chake cha ndondomekoyi. Mfotokozi wonena za chimene chinthucho chili ndithu amayandikira dzina, pamene wonena maganizo a munthu amakhala kutali. Mphika wadothi ndi wadothi kwa aliyense, koma kukongola kwake wina akhoza kukutsutsa, n'chifukwa chake "clay" ali pafupi ndi "pot" pamene "beautiful" ali koyambirira. Ndipo mukamvetsera bwino Chichewa, nafenso nthawi zambiri timatero, kungoti timayambira ku dzina. Timati mphika wadothi waukulu wokongola, ndipo mukawerenga mawuwa kuchokera kumapeto kubwerera m'mbuyo mupeza "a beautiful big clay pot". Si lamulo losasweka, popeza Chichewa chimalola kusinthasintha kuposa Chingerezi, koma lathandiza ophunzira anga ambiri pamene mutu waima. N'chifukwa chake ine sindilimbikitsa kuloweza mndandanda wonsewo ngati nyimbo, ndimakonda kuti munthu amvetse ndi kuwerenga nkhani za Chingerezi mokweza mpaka khutu lizolowere.

Tizinthu tiwiri ting'onoting'ono timene timadyetsa malikisi. Mfotokozi wochokera ku dzina la dziko amayamba ndi lembo lalikulu, monga "Malawian" ndi "Mozambican". Ndipo "a" kapena "an" amasankhidwa potengera kamvekedwe ka mawu otsatira, amene tsopano ndi mfotokozi osati dzina, kotero "a house" amasanduka "an old house", ndipo "an egg" amasanduka "a fresh egg".

Mlimi wa ku Tsangano

Aphunzitsi nonse awiri ndi mayi a ku Lizulu, ndathokoza kuchokera pansi pa mtima. Usiku wathawu ndinakhala ndi nyali mpaka nkhuku zoyamba, ndikukopera zimene mwalembazi m'kope. Nkhani ya "kuposa" ndi ya wotopa ndi wotopetsa zanditsegula maso kwambiri, chifukwa kwa nthawi yoyamba ndaona kuti kulakwitsa kwanga kunali ndi chifukwa chake. Ndayesa kulembanso ndime ina ya chimangirizo chija, ndipo ndikupempha kuti muione musandimvere chisoni:

"On market day we sell big fresh potatoes. A bag of potatoes is heavier than a basket of tomatoes. Our potatoes are the most cheapest in the district. My ten-years-old son helps me and he is never bored."

Mphunzitsi wopuma wa ku Bembeke

Bambo, chiganizo choyamba ndi chachiwiri zili bwino kotheratu, ndipo "bored" mwamuika pa malo ake. Zatsala ziwiri. Pa "the most cheapest" mwaphatikiza njira ziwiri zija, "cheap" ndi phatikizo limodzi, choncho "the cheapest" yekha akukwanira. Pa za mwana wanu, mawu atatu olumikizidwa ndi timizere tija asanduka mfotokozi mmodzi woima patsogolo pa dzina, ndipo tanena kale kuti mfotokozi salandira "s", choncho lembani "my ten-year-old son". Mukawaika pambuyo pa mneni "s" uja amabwerera ndipo timizere timachoka, n'kukhala "My son is ten years old."

Pa nkhani yoloweza ndikusiyana pang'ono ndi aphunzitsi a ku Dedza boma, ngakhale njira yawo yowerenga Chichewa chobwerera m'mbuyo ndaikonda ndipo ndikanaidziwa ndili pantchito ndikanaigwiritsa ntchito. Khutu limazolowera mwa munthu amene amamva Chingerezi tsiku lililonse, koma bambowa tsiku lonse ali kumunda ndi pamsika kumene akumva Chichewa chokhachokha, ndipo miyezi yatsala ndi yochepa. Pa mafunso osankha yankho amene afotokozi atatu kapena anayi asakanizidwa, munthu amene ali ndi mndandanda m'mutu amayankha mosataya nthawi. Ndikanakonda muchite zonse ziwiri, mumvetse chifukwa chake monga afotokozera aphunzitsi, komanso mulembe mndandandawo pa pepala n'kulimata pakhoma pamene mumaliona m'mawa uliwonse.

Sabata ino lembani ziganizo 10 zofotokoza munda wanu m'nyengo yozizira ya June, zitatu mwa izo zikhale zoyerekeza ndipo ziwiri zikhale ndi afotokozi atatu patsogolo pa dzina, ndipo muzitumize pano Loweruka. Ndidzapempha mdzukulu wanga kuti andiwerengere ngati maso adzakhale atatopa.